Foni yolembedwa 4G koma ikungogwira E: nkhani ya mabandi

Pa Katondo Street mu Lusaka, wogulitsa akatulutsa foni yochokera kunja, wogula amayamba walowetsamo simukhadi yake. Pakona ya sikirini pakaoneka 4G, amagwirizana mtengo, ndalama n'kuperekedwa. Foni yomweyo ikafika ku Chongwe, kapena ikangolowa m'chipinda chamkati cha nyumba ya malata ku Kanyama, 4G ija imazimiririka, n'kutsala H kapena E. Pomwepo foni yotchipa ya mnansi, yokhala ndi simukhadi ya kampani yomweyo, ikuonetsa mavidiyo bwinobwino. Foniyo siinawonongeke, ndipo wogulitsa sananame. 4G ili nayodi, koma ilibe bandi imene nsanja ya kumeneko ikugwiritsa ntchito.

Wailesi ya FM ingatithandize kumvetsa. Kuti mumve nkhani pamafunika zinthu ziwiri: wailesi yanu ifike pa nambala imene siteshoniyo ikuulutsira, penapake pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, komanso inuyo mudziwe chilankhulo cha woulutsayo. Mukatchera pa nambala yolondola koma akulankhula Chilozi inu musakuchidziwa, simutolapo kanthu. Mukadziwa Chilozicho koma wailesi yanu siifika pa nambalayo, n'chimodzimodzi. Pa foni, 2G, 3G, 4G ndi 5G ndi zilankhulo, pomwe bandi ndi nambala ija, chigawo cha mafunde chimene foni ndi nsanja zimakumanirapo. Pa bokosi amalemba chilankhulo ndi zilembo zikuluzikulu. Mabandi amawabisa m'tizilembo ting'onoting'ono, kapena osawalemba n'komwe.

Mmene zinagawikirana

Netiweki yoyamba ya GSM, imene timaitcha 2G, inatsegulidwa ku Finland mu 1991. Inayambira pa bandi ya 900. Foni imatumiza mawu kupita ku nsanja pa 890 mpaka 915 MHz, nsanja n'kumayankha pa 935 mpaka 960 MHz. Njira yokwera ndi yotsika zimatalikirana ndi 45 MHz n'cholinga choti foni isadzigonthetse ndi mawu ake omwe. Kenako anawonjezera 10 MHz chakumunsi, kuyambira pa 880 ndi pa 925. Anthu atachuluka m'matauni, anatsegula bandi ya 1800, yokwera pa 1710 mpaka 1785 ndipo yotsika pa 1805 mpaka 1880. Mu GSM mpata uliwonse ndi wa 200 kHz basi, ndipo umagawidwa m'tizigawo 8 ta nthawi, mafoni n'kumalankhula mosinthana mofulumira kwambiri moti khutu silizindikira. Chilembo G pa sikirini ndi GPRS, pomwe E ndi EDGE. Zonsezi ndi intaneti yodutsa m'kampata kopapatiza kameneka, n'chifukwa chake E imangokwanitsa uthenga wa WhatsApp wolemba, chithunzi n'kumangozungulira.

Ku America mafunde a 900 ndi 1800 anali ataperekedwa kale ku ntchito zina, choncho GSM yawo anaiika pa 850 ndi 1900. Mgawikano unayambira pamenepa ndipo sunathebe. Bungwe la ITU, limene limayang'anira mafunde padziko lonse, linagawa dziko m'zigawo zitatu: Africa, Ulaya ndi Middle East zili m'chigawo choyamba, America yense m'chachiwiri, ndipo mbali yaikulu ya Asia ndi Australia m'chachitatu. Zambia ili m'chigawo choyamba. Ichi n'chifukwa chake foni yopangidwira msika wa ku London kapena ku Dubai kawirikawiri imagwira bwino kuno kuposa yopangidwira msika wa ku New York, ngakhale zitakhala za dzina limodzi.

America inalinso ndi chilankhulo china, CDMA, chimene kampani ya Qualcomm inalimbikitsa ndipo Verizon ndi Sprint ankagwiritsa ntchito. Mafoni ambiri a CDMA analibe n'komwe polowetsa simukhadi, ndipo achibale akatumiza yotereyi kuno inkangokhala tochi ndi kamera. Verizon inatseka CDMA kumapeto kwa 2022, koma mafoni akale a mtunduwu amapezekabe m'mabokosi a katundu wa salaula.

3G ya kuno ndi WCDMA. Mpata wake ndi wa 5 MHz, ndipo kwawo kwenikweni ndi bandi 1, ya 2100, ngakhale makampani ambiri anaiikanso pa bandi 8, ya 900, kuti ifike patali. H ndi H+ ndi 3G yomweyo yowonjezeredwa liwiro. China Mobile inali ndi 3G yakeyake, TD-SCDMA, imene siimvana ndi nsanja za kuno.

4G: chilankhulo chimodzi, mabandi ambirimbiri

LTE, imene timaitcha 4G, itayamba ku Stockholm ndi ku Oslo mu December 2009, dziko lonse linagwirizana chilankhulo chimodzi. Koma dziko lililonse linaiika pamene panali malo, ndipo mabandi anachuluka mpaka makumimakumi. Kuyambira pamenepa kungotchula ma MHz sikuthandizanso. Chofunika ndi nambala ya bandi, ndipo zitsanzo zitatu zionetsa chifukwa chake.

Choyamba ndi 2100. Bandi 1 ya kuno imakwera pa 1920 mpaka 1980 n'kutsika pa 2110 mpaka 2170. Bandi 4 ya ku America imatsikanso kuyambira pa 2110, koma imakwera pa 1710 mpaka 1755. Foni ya bandi 4 yokha ingamve nsanja ya bandi 1 mbali ina, koma poyankha ikhala ikulankhulira pamene nsanjayo siikumvetsera.

Chachiwiri ndi 700. Pali bandi 12, 13 ndi 17 za ku America, komanso bandi 28 imene ikufala ku Asia, ku Africa ndi ku South America. Onsewa amatchedwa 700, koma njira zawo zokwera ndi zotsika zinayalidwa mosiyana. Wogulitsa akakuuzani kuti foni "ili ndi 700", mufunseni kuti bandi yake ndi nambala chani.

Chachitatu, 2600, n'chimene chimasokoneza ngakhale okonza mafoni, chifukwa LTE ili ndi mitundu iwiri. Mu FDD muli njira ziwiri, yokwera ndi yotsika, monga msewu wa Great East pamene unagawidwa pakati. Mu TDD muli njira imodzi yokha, ndipo foni ndi nsanja zimasinthana nthawi, ngati galimoto zodikirana pa mlatho wopapatiza. Bandi 7 ndi ya FDD: imakwera pa 2500 mpaka 2570 n'kutsika pa 2620 mpaka 2690. Mpata wotsala pakatipo, 2570 mpaka 2620, ndi bandi 38, ya TDD. Bandi 41 nayo ndi ya TDD, ndipo imatenga dera lonselo, 2496 mpaka 2690. Ndiye mafoni atatu angalembedwe 2600 onse, imodzi yokha n'kugwira nsanja imene ili kuseri kwa nyumba yanu. Bandi 40, ya 2300 mpaka 2400, nayonso ndi ya TDD. Ubwino wa TDD ndi wakuti kampani ingapereke nthawi yambiri ku njira yotsika, poti anthu amakopera zinthu zambiri kuposa zimene amatumiza. Kuipa kwake ndi kwakuti foni imakhala ndi nthawi yochepa yolankhula, motero mukakhala kutali ndi nsanja kutumiza chithunzi kumavuta msanga.

Mafunde otsika ndi okwera

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti, n'chifukwa chiyani kampani imodzi imafuna mabandi angapo? Yankho lili m'chikhalidwe cha mafundewo. Funde la 800 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 37, la 900 masentimita 33, la 1800 masentimita 17, la 2600 pafupifupi 11 ndi theka, ndipo la 3500 silikwana masentimita 9. Funde lalitali limapinda pa zitunda ndi pa nyumba, limadutsa m'mitengo, ndipo limaboola khoma la mabuloko osafooka kwambiri. Lalifupi limatsekeka mosavuta. Ngakhale pabwalo popanda chotchinga chilichonse, nambala ya MHz ikawirikiza kawiri, mphamvu imene eriyo yaing'ono ya foni imatola pa mtunda womwewo imatsika kanayi. Malata ndiye amabweza mafunde onse, moti m'nyumba yambiri ya mu komboni netiweki imalowera pawindo ndi pakhomo. Apa mpamene bandi yotsika imasonyeza kusiyana kwake.

Koma kumunsiko malo ndi ochepa. Bandi 20 yonse, ya 800, ili ndi 30 MHz yotsika, kuyambira 791 mpaka 821, ndi 30 MHz yokwera, kuyambira 832 mpaka 862. Makampani atatu akagawana, aliyense amapeza 10 MHz. Bandi 3, ya 1800, ili ndi 75 MHz mbali iliyonse. Mpata wa LTE umatha kukhala wa 1.4, 3, 5, 10, 15 kapena 20 MHz, ndipo liwiro limatsata kukula kwa mpatawo, komanso onse amene alumikizidwa ku nsanjayo amagawana. Choncho bandi yotsika imafika patali koma imadzaza msanga, pomwe yokwera imanyamula anthu ambiri koma pafupi. Pa Cairo Road kapena ku Kamwala, kumene anthu ndi piringupiringu ndipo nsanja zili pafupipafupi, mabandi okwera ndiwo amasenza katundu. Pa msewu wopita ku Nyimba ndi ku Petauke, kumene nsanja zimatalikirana, otsika ndiwo amagwira ntchito. Foni yopanda bandi 20 ndi bandi 8 imaoneka yabwinobwino m'tauni, chilema chake chimakaonekera kumudzi ndi m'kati mwa nyumba.

Mabandi a 800 ndi 700 kale anali a wailesi yakanema. Pangano la ku Geneva la 2006 linaika 17 June 2015 kukhala tsiku loti mayiko a chigawo chathu achoke pa kanema wakale n'kupita pa wa dijito, amene amadya malo ochepa. Malo otsalawo ndiwo anagulitsidwa ku makampani a mafoni. M'dziko muno amene amagawa mafunde ndi ZICTA, ndipo si zaulere: mu 2022 Airtel inalipira madola 29 miliyoni kugula 60 MHz m'mabandi a 800 ndi 2600. Popeza 800 inabwera mochedwa chonchi, ndipo ku China ndi ku America siigwiritsidwa ntchito mwanjira imeneyi, mafoni ambiri opangidwira misika ya kumeneko alibe bandi 20. Ili ndilo vuto limene limapezeka kawirikawiri pa mafoni obwera m'masutikesi.

Mukaona 4G+ kapena LTE-A, ndiye kuti foni yalumikiza mabandi awiri kapena kuposerapo nthawi imodzi, mwachitsanzo 3 ndi 20, liwiro n'kuphatikizana. Apanso pali kamsampha: foni ingakhale ndi mabandi onse awiriwo paokhapaokha koma osatha kuwaphatikiza, chifukwa wopanga amasankhiratu magulu amene foniyo izitha kuphatikiza.

5G, mwachidule

MTN inayambitsa 5G m'dziko muno mu November 2022, Airtel n'kutsatira mu 2023. Mabandi a 5G amayamba ndi chilembo n. Ofunika kuwayang'ana ndi n78, wa 3300 mpaka 3800 MHz, ndi n41, wa m'dera la 2600 lija. Mpata umodzi ungafike 100 MHz, kasanu kuposa waukulu wa LTE, ndipo liwiro lalikulu la 5G limachokera pamenepo. Manetiweki ambiri a 5G anayamba ndi mtundu wotchedwa NSA, umene umatsamira pa 4G: foni imayamba yagwira bandi ya 4G, kenako 5G n'kuwonjezekera pamwamba. Foni ikasowa bandi ya 4G yoyambirayo, 5G siibwera ngakhale n78 ilimo. Palinso mafunde a pamwamba pa 24 GHz amene mafoni ena a ku America amanyadira nawo, koma amatsekeka ndi khoma, masamba ngakhale dzanja, ndipo si chinthu choti mulipirire ndalama zowonjezera.

Dzina la Wi-Fi lothera ndi 5G limene mumaliona pa rauta ndi nkhani ina. Limenelo likutanthauza mafunde a 5 GHz a m'nyumba, osati netiweki ya 5G.

Chifukwa chake 4G imathawa foni ikalira

LTE inapangidwira intaneti yokha, ilibe njira yakale yoyendetsera mawu. Munthu akakuimbirani, pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Ngati foni ndi netiweki zikugwirizana pa VoLTE, mawu amadutsa pa 4G pomwepo, amamveka bwino, ndipo intaneti siiduka. Ngati sizikugwirizana, nsanja imatsitsira foniyo ku 3G kapena 2G mpaka mutamaliza kulankhula. Ikatsikira ku 2G, intaneti nthawi zambiri imaima. Ndiye musatsekere foni pa "LTE only" ngati VoLTE siikugwira, chifukwa anthu azikuimbirani osakupezani. VoLTE siidalira bandi yokha ayi. Imafunanso kuti pulogalamu ya mkati mwa foni izidziwa kampani ya netiwekiyo, ndipo mafoni opangidwira kampani inayake ya kunja nthawi zambiri sazidziwa za kuno.

Pa mafoni akale a masimukhadi awiri, 4G imapita ku simukhadi imene mwaisankhira intaneti, inayo n'kutsala pa 2G. Si kuwonongeka, anapangidwa choncho.

Zoyenera kuona musanapereke ndalama

Dzina la foni silokwanira. Galaxy kapena iPhone ya dzina limodzi imapangidwa m'mitundu ingapo, uliwonse ndi mabandi ake. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, lembani nambala yonse ya modelo. Pa Samsung chilembo chakumapeto chimaulula msika: F kapena B ndi ya misika yambiri kuphatikizapo kuno, U ndi ya ku America, W ya ku Canada, N ya ku Korea, ndipo yothera ndi 0 ndi ya ku China kapena Hong Kong. Pa iPhone yang'anani nambala yoyamba ndi A yotsatiridwa ndi manambala anayi. Dziwaninso kuti kuyambira pa iPhone 14, ya mu 2022, zogulitsidwa ku America zilibe polowetsa simukhadi, zimafuna eSIM basi, simukhadi yomangidwira m'kati mwa foni. Imbani *#06# kuti muone IMEI, nambala yakeyake ya foniyo, ya manambala 15, ndipo muifananize ndi ya pa bokosi. Zikasiyana, bokosilo si la foniyo, ndipo mabandi olembedwapo sakukuuzani chilichonse.

Mukapeza nambala ya modelo, fufuzani mabandi ake pa webusaiti ya wopanga. Pa 2G pakhale 900 ndi 1800, pa 3G bandi 1 ndi 8. Pa 4G, bandi 3 ndi 20 zisasowe, kenako 1, 7, 8, 28, 38, 40 ndi 41. Ikasowa imodzi mwa 1, 7, 38, 40 kapena 41 mungapirire, mudzangotaya liwiro m'malo ena. Ikasowa 20, ndipo mumayenda kumudzi kapena mumakhala m'nyumba ya makoma ochindikala, isiyeni.

Foni imathanso kukuuzani yokha bandi imene yagwira. Pa Samsung imbani *#0011#, pa mafoni ambiri a Android *#*#4636#*#*, pa iPhone *3001#12345#* n'kudina batani loimbira. Ena amalemba bandi mwachindunji, ena amangoonetsa nambala yotchedwa EARFCN. Ikakhala pakati pa 0 ndi 599 ndi bandi 1. 1200 mpaka 1949 ndi bandi 3. 2750 mpaka 3449 ndi bandi 7. 3450 mpaka 3799 ndi bandi 8. 6150 mpaka 6449 ndi bandi 20. 38650 mpaka 39649 ndi bandi 40. Pomwepo muonanso RSRP, mphamvu ya netiweki imene ikufika pa foni. Nambala yake imayamba ndi kamzere ka kuchotsera, ndiye -80 ndi yamphamvu kuposa -100. Kuzungulira -80 zili bwino kwambiri, pa -100 zikugwirabe, kupitirira -110 muli m'mphepete. Timizere ta pakona ya sikirini musatikhulupirire kwambiri, poti wopanga aliyense amatiwerengera mwanjira yake. RSRP ikakhala yabwino koma intaneti ikukwawa, makamaka madzulo, vuto si foni: nsanjayo yadzaza. Zimachitikanso nthawi ya kuzima kwa magetsi, nsanja ina ikatha mabatire, anthu ake onse n'kukhamukira pa yoyandikana nayo.

Kuyesa kwabwino ndi kuika foni yatsopanoyo pambali pa foni imene mukudziwa kuti imagwira bwino, masimukhadi a kampani imodzi, n'kulowa nazo m'kati mwenimweni mwa shopu, kutali ndi khomo. Yodziwikayo ikasamukira pa bandi 20 yatsopanoyo n'kugwera pa H, mwaona nokha.

Zimene wokonza angathe ndi zimene sangathe

Anthu ambiri amasokoneza loko ndi bandi. Foni yotsekeredwa ku kampani ya kunja imakana simukhadi ya kuno n'kupempha khodi. Imeneyo imatsekulika, ndipo njira yodalirika ndi kudzera ku kampani imene inaitsekayo. Kusowa kwa bandi ndi nkhani ya zipangizo. Bandi iliyonse imafuna kasefa kake ka mafunde, kokuzira mphamvu, ndi eriyo yochunidwa moyenerera, zonse zomatidwa pa bolodi. Wokonza akakulonjezani kuti aifulasha kuti igwire bandi 20, dziwani kuti pulogalamu siingapange kasefa kamene kulibe. Pali mafoni ochepa amene zipangizo zilimo koma bandiyo inangozimitsidwa, koma kuika pulogalamu ya dziko lina kungathe kupha foni, kuzimitsa VoLTE kapena kusokoneza IMEI, ndipo kusintha IMEI ndi mlandu m'mayiko ambiri.

Ma MiFi ndi marauta amatsata lamulo lomwelo. Yogulidwa ku kampani ina ikatsekulidwa, imalandira simukhadi iliyonse, koma mabandi ake amakhala omwe aja anasankhidwira kampani yoyambayo. Ngati netiweki ndi yofooka pakhomo panu, yambani ndi kusuntha rauta: iikeni pawindo loyang'ana ku nsanja, m'mwamba, kutali ndi malata ndi mabagala, n'kumaona RSRP ikusintha. Zikakanika, gulani eriyo yapanja ya bandi imene mwaiona pa EARFCN ija. LTE imagwiritsa ntchito maeriyo awiri, ndiye lumikizani mawaya onse awiri, ndipo akhale aafupi momwe mungathere, chifukwa waya wautali wopyapyala umadya mphamvu imene eriyoyo yatola, makamaka pa 2300 ndi 2600.

Tizipangizo totchipa tokuzira netiweki, timene timagulitsidwa pa intaneti, tikukulangizani kuti mutipewe. Tambiri timakuza bandi imodzi yokha, nthawi zina ya ku America. Eriyo yamkati ikayandikana ndi yapanja, kachipangizoko kamayamba kudzimva kokha n'kumalira ngati maikolofoni yoyandikira sipika, ndipo phokosolo limakagontetsa nsanja, anansi onse n'kuvutika. Chipangizo chilichonse choulutsa pa mafunde amenewa chimayenera kukhala chovomerezedwa ndi ZICTA, ndipo mafundewo ndi a kampani imene inawalipira. Ngati nyumba kapena ofesi ilibe netiweki, kadandauleni ku kampaniyo mutatenga manambala a RSRP ndi EARFCN a panja ndi a m'kati, komanso nthawi imene munawalemba. Amisiri awo akaona manambala amenewa amadziwa nsanja ndi bandi yoti akaiyang'ane.